Tove Jansson, Mmisiri Amene Adabisa Chikondi M'nthano

Tove Jansson adabadwa pa 9 Ogasiti 1914 mumzinda wa Helsinki, m'dziko la Finland. Bambo ake adali wosema zifaniziro, pamene mayi ake adali wojambula zithunzi za m'mabuku, kotero kuti mwanayo adakulira pakati pa utoto ndi mapepala. Akadali mtsikana adayamba kujambula m'magazini ya Garm, m'mene pambuyo pake adanyodola Adolf Hitler mopanda mantha.

Chidamutchukitsa ndi nthano za Moomin, tizilombo tofatsa tooneka ngati mvuu. Buku loyamba lidatuluka mu 1945, ndipo kuyambira mu 1954 nyuzipepala ya Evening News ya ku London inkasindikiza nthanozi m'tizithunzi totsatizana.

Komatu mmisiriyu adali ndi chinsinsi. Masiku amenewo lamulo la Finland linkalanga amuna okhaokha kapena akazi okhaokha okondana, ndipo lidachotsedwa mu 1971. Mu 1946 Tove adakondana ndi Vivica Bandler, wotsogolera masewero. Poti sakadatha kunena poyera, chikondicho adachilowetsa m'buku la mu 1948. M'menemo muli timunthu tiwiri, Tofslan ndi Vifslan, tolankhula chinenero chachilendo, tonyamula chikwama chobisamo mwala wofiira wamtengo wapatali. Ana adangoonamo nthano, koma odziwa adazindikira kuti maina awiriwo ndi a Tove ndi Vivica.

Patapita zaka adakumana ndi wojambula mnzake, Tuulikki Pietilä, amene adakhala naye mpaka imfa. Iyeyu ndiye Too-ticky wa m'buku la mu 1957, munthu wanzeru wophunzitsa Moomin kupirira chisanu ndi mdima. Awiriwo adamanga kanyumba pa kachilumba ka miyala ka Klovharu, kumene ankakhala chilimwe chilichonse kwa zaka pafupifupi 30.

Zimene Tove adanena mophiphiritsa, am'badwo wotsatira adazinena poyera. Mu 1980 ku America, Howard Cruse adasonkhanitsa ntchito za ojambula osiyanasiyana m'kabuku kotchedwa Gay Comix, kofotokoza miyoyo yawo mosabisa. Tove naye adauona ufuluwo ali wokalamba, pakuti mu 1992 adapita limodzi ndi Tuulikki ku phwando la tsiku la ufulu kunyumba ya pulezidenti wa Finland, dziko lonse likupenya.

Adamwalira pa 27 Juni 2001, ali ndi zaka 86.