Theodorus, mphunzitsi wa ku Libya amene anaima pa 17

Amene munathandizako kumanga chigafa cha fodya ku Kasungu mukudziwa ntchito ya chingwe ndi zikhomo. Khomani zikhomo zinayi, mbali iliyonse mita imodzi, makona onse owongoka bwino. Kenako kokani chingwe kuchoka pa kona imodzi kukafika pa kona yoyang'anizana nayo. Kutalika kwa chingwecho ndi square root ya 2. Foni yanu ikuuzani kuti ndi 1.41421356 n'kulekeza pomwepo, komatu chatha ndi malo pasikirini, nambalayo ilibe pothera, ndipo palibe fulakishoni yofanana nayo ndendende. Chonsecho chingwe chija chili m'manja mwanu. Chigonekeni pa mzere wa manambala kuyambira pa 0. Pomwe chathera ndi pamene nambalayo imakhala.

Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana ndi manambala amakaniwa ndi Theodorus, wobadwa cha m'ma 465 BC ku Cyrene, mzinda wa Agiriki umene mabwinja ake ali ku Libya, pafupi ndi Shahhat. Eya, muno mu Africa momwemuno. Poyamba ankayenda ndi Protagoras, katswiri wa mitsutso, koma anaisiya msanga n'kukakamira masamu.

Zolemba zake zonse zinatayika. Timamudziwa kudzera mwa Plato, m'buku lotchedwa Theaetetus, lomwe linalembedwa m'Chigiriki chakale chija amaphunzitsa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama. Nkhani yake ikuchitikira ku Athens mu 399 BC, chaka chimene Socrates anaphedwa. Mmenemo timamva kuti Theodorus, ali mkulu kale, ankajambulira anyamata kuwaonetsa kuti root ya 3 siingalembedwe ngati fulakishoni, ya 5 chimodzimodzi, imodziimodzi choncho, kudumpha 4, 9 ndi 16, mpaka pa 17. Apo anaima.

Bwanji 17? Akatswiri akanganapo kwambiri, koma ine yankho limene limandigwira mtima ndi la chojambula chonga chigoba cha nkhono, chomwe anthu a m'mbuyo muno anachipatsa dzina lake. Bwererani ku chingwe cha root ya 2 chija. Kumapeto kwake imikani mzere wa mita imodzi, kona yowongoka, n'kulumikiza ndi poyambira: mwapeza root ya 3. Pa umenewo onjezani mita ina, root ya 4, yomwe ndi 2 basi. Lamulo la Pythagoras likungowonjezera 1 ulendo uliwonse, ndipo mzere uliwonse mutha kuugoneka pa mzere wa manambala.

Mukamapitiriza, chojambulacho chimazungulira. Root ya 17 imakwana popanda kukhudza china, koma yotsatirayo imakwera pamwamba pa chojambula choyamba. Kwa munthu wojambula pansi ndi kamtengo, pamenepo mizere imayamba kufufutana.

Amene anatsiriza ntchito ndi mwana wake wasukulu, Theaetetus mwiniwake, yemwe anasiya kuyesa nambala imodziimodzi n'kuwagawa onse m'magulu awiri: amene root yake ndi nambala yathunthu, ndi ena onse otsala.