CLARA SCHUMANN, WOIMBA PIYANO

Ku Chadiza anthu ambiri adziwa kalimba, amene munthu aliza ndi zala. Ku Ulaya kuli coimbira cina cacikulu, dzina lace piyano. M'kati mwace muli nsambo zambiri, ndipo woimba akadinikiza timatabwa toyera ndi takuda, tinyundo timenya nsambozo.

Clara Wieck anabadwa m'caka ca 1819 m'mzinda wa Leipzig, m'dziko la Germany. Atate wace, Friedrich Wieck, anali mphunzitsi wa piyano, munthu waukali ndithu. Anayamba kumphunzitsa ali ndi zaka 5. Tsiku ndi tsiku mwanayo anali kuphunzira ora limodzi, nabwereza yekha maora awiri. M'caka ca 1828, ali ndi zaka 9, anaimba pamaso pa khamu la anthu m'nyumba yochedwa Gewandhaus. Pambuyo pace anakaimbanso ku Paris ndi ku Vienna, ndipo mbiri yace inamveka kutali.

Atakula, anakondana ndi Robert Schumann, wopeka nyimbo, amene anaphunzira kwa atate wace. Atatewo anakana ukwati, kotero kuti nkhani inafika ku bwalo la milandu. Oweruza anawalola, ndipo anakwatirana m'caka ca 1840. Anabala ana 8, koma mmodzi anamwalira ali wakhanda.

Tsono mabvuto anafika. M'caka ca 1854 Robert anadwala misala, namwalira m'caka ca 1856. Clara anatsala wamasiye ndi ana 7. Cuma cace cinali m'zala zace basi. Anayenda maulendo atali m'maiko ambiri, makamaka ku England, kuimba kuti apeze cakudya ndi zobvala za ana. Kawirikawiri anali kuimba nyimbo zazitali pamtima, osayang'ana pa pepala. Anaimbanso nyimbo za mwamuna wace kuti anthu asaziiwale.

Kuyambira m'caka ca 1878 anaphunzitsa piyano pa sukulu ya nyimbo ku Frankfurt, ndipo ophunzira anadza kucokera m'maiko akutali. Anaimba komariza pamaso pa anthu m'caka ca 1891, namwalira m'caka ca 1896. Luso limene anagwirira nchito ali mwana ndilo linalera banja lace pa masiku a tsoka.

MAFUNSO
1. Kodi piyano atulutsa bwanji mau?
2. Ndani anaphunzitsa Clara?
3. Nanga analera bwanji ana ace?