Benjamin Franklin, munthu amene anafufuza za mphenzi

Mukavula juzi mumdima nyengo yozizira ya Juni kuno ku Angónia, mwina mumamva kuthetheka n'kuona timoto ting'onoting'ono. Amenewo ndi magetsi. Mmodzi mwa anthu oyamba kuwafotokoza bwino anali Benjamin Franklin wa ku America.

Franklin anabadwira ku Boston mu 1706. Bambo ake ankapanga sopo ndi makandulo. Kusukulu anangokhalako zaka ziwiri basi, ndipo anasiya ali ndi zaka 10. Atakwanitsa zaka 12 anayamba kuthandiza mkulu wake James nchito yosindikiza, ndipo kumeneko ankawerenga buku lililonse limene walipeza. Ali ndi zaka 17 anathawira ku Philadelphia, kumene pambuyo pake anatsegula malo ake osindikizira.

Za magetsi anayamba kuzifufuza ali ndi zaka pafupifupi 40. Mnzake wa ku London, Peter Collinson, anamutumizira cubu ca galasi. Akacikhutiza ndi nsalu, cinkakoka tinthu topepuka. Inunso yesani: khutizani cipeso ca pulasitiki kutsitsi louma, kenako muciyandikize pa tizidutswa ta pepala. Tidzadumpha n'kumamatira.

Franklin anazindikira kuti kukhutiza sikulenga magetsi ayi. Kumangowasamutsa kucoka pa cinthu cimodzi kupita pa cina, mwakuti cimodzi cimakhala nawo oculuka, cina operewera. Oculukawo anawapatsa cizindikiro ca +, opereweraawo ca −, zomwe zija mumaziona pa mabatire a wailesi. Zosiyana zimakokana, zofanana zimakankhana. Pulasitiki ndi galasi zimasunga magetsiwa pamalo amodzi, pamene citsulo cimawadutsitsa msanga. Cinyezi naco cimawathawitsa, n'cifukwa cake juzi ija imathetheka kwambiri kunja kukauma.

Kenako anaganiza kuti mphenzi ndi kuthetheka komweku, kungoti n'kwakukulu. Mu 1752 iye ndi mwana wake William anaulutsa kayiti, cidole couluka ndi mphepo, kunja kukucita mabingu. Kumunsi kwa cingwe anamangako kiyi, ndipo iye anagwira nsalu youma ya silika atabisala kuti isanyowe. Mphenzi siinagunde kayitiyo, koma cingwe conyowa cinatsitsa magetsi a m'mitambo. Atayandikiza cala pa kiyi, kamoto kanadumpha.

Izi zokha musayese. Franklin anacita mwayi. Caka cotsatira, Georg Richmann anafa ku St Petersburg akufufuza zofananazo, magetsi a mphenzi atamugunda m'nyumba mwake.

Kucokera pa kafukufukuyu, Franklin anakonza ndodo yacitsulo yosongoka yoimika pamwamba pa nyumba, yolumikizidwa ndi waya wolowa pansi m'dothi. Mphenzi ikagwa, imatsata wayayo m'malo motentha denga. Mukapita ku Ulongwe, tayang'anani pamwamba pa nsanja za mafoni. Iye sanafune kuti anthu azimulipira pogwiritsa nchito nzeru imeneyi.

Analinso munthu wandale, ndipo mu 1776 anasayina nawo cikalata ca ufulu wa dziko la America. Koma si zonse zinali zoyera: kwa zaka zambiri ankasunga akapolo pakhomo pake. Atakalamba anasintha maganizo, natsogolera bungwe lolimbana ndi ukapolo. Anamwalira ku Philadelphia pa 17 Epulo 1790, ali ndi zaka 84.