Léopold Sédar Senghor, Mphunzitsi wa Galamala ya Chifalansa

M'chaka cha 1935 ana a sukulu ya sekondale ya Descartes mu mzinda wa Tours ku France analandira mphunzitsi watsopano wa Chifalansa ndi Chilatini. Mphunzitsiyo anali munthu wakuda wochokera ku Senegal, amene pa ubwana wake ankalankhula Chiserere, chinenero cha makolo ake. Ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa ana a ku Malomo ndi m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa chinenero chimene sachimva pakhomo, tiyenera kuidziŵa mbiri ya munthu ameneyu, pakuti funso limene linamuvutitsa moyo wake wonse ndilo lomwe likutidikira ife m'kalasi.

A Senghor anabadwa pa 9 October 1906 ku Joal, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Atate awo anali munthu wamalonda wopeza bwino. Zaka zoyamba anakhala ku Djilor, kwawo kwa amayi awo, kumene ankatsagana ndi atsibweni awo koŵeta ziŵeto, namva maina a mitengo, mbalame ndi nyenyezi m'chinenero cha kwawo. M'chaka cha 1914 anapita kusukulu yogonera komweko ya ansembe a Chikatolika ku Ngasobil, ndipo kumeneko ndiko anazamira m'Chifalansa ndi Chilatini. Anafunitsitsa unsembe, naloŵa seminale ku Dakar, koma akuluakulu a seminaleyo anawauza kuti sakuyenera. Anatsiriza sekondale pa sukulu ya boma, ndipo m'chaka cha 1928 anakwera sitima ya pamadzi kunka ku Paris.

Maphunziro a ku Paris sanayende mwa myaa. Pa sukulu ya Louis-le-Grand anapalana ubwenzi ndi Georges Pompidou, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa France, koma mayeso oloŵera ku École Normale Supérieure anawalephera. Anatembenukira ku yunivesite ya Sorbonne, kumene anaphunzira chinenero ndi zolembalemba za Afalansa, nalemba kafukufuku wa ndakatulo za Baudelaire. Kenaka analimbana ndi mayeso otchedwa agrégation, amene amasankha aphunzitsi a pamwamba m'dzikolo mwa mpikisano. Poyamba anagwa, m'chaka cha 1935 anapambana pa galamala, nakhala Mwafirika woyamba kutero.

Apa ndi pamene mbiriyi ikutikhudza kwambiri. Munthu amene anali atachidziŵa Chifalansa kuposa eni ake ambiri anayamba kuzindikira kuti sukulu inamupatsa chinenero china, koma za chinenero chake sinamuphunzitse kanthu. Ali mphunzitsi kale, anakhalanso pa benchi kuphunzira kapangidwe ka zinenero za mu Afirika kwa Lilias Homburger ku Paris. Pamodzi ndi Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léon Damas wa ku French Guiana anayambitsa maganizo a Négritude, onena kuti munthu wakuda ali ndi chikhalidwe chakechake chosayenera kuchita nacho manyazi. Ndipo m'chaka cha 1937, atabwerera ku Dakar pa tchuthi, anakamba nkhani pamaso pa akuluakulu a boma la atsamunda, nawauza kuti mwana wa mu Afirika aziphunzira zinenero ziŵiri, cha kwawo ndi Chifalansa. Masiku amenewo sukulu za boma ku Senegal zinkaphunzitsa m'Chifalansa chokha kuyambira kalasi yoyamba, choncho mawu ameneŵa sanakomere onse, ngakhale Aafirika ena ophunzira, amene ankaopa kuti ana awo apatsidwa maphunziro otsika. Mantha otereŵa timawamvanso kwa makolo kuno kwathu.

Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse anagwidwa ndi Ajeremani m'chaka cha 1940, nakhala m'ndende kufikira 1942. Buku lawo loyamba la ndakatulo, Chants d'ombre, linatuluka m'chaka cha 1945, chaka chomwe analoŵa ndale. Anakhala pulezidenti woyamba wa Senegal kuyambira 1960 kufikira kumapeto kwa 1980, pamene anatula pansi udindo mwa kufuna kwawo.

Kodi atatenga mphamvu anachita zimene ananena mu 1937? Anachita, koma pang'ono chabe. M'chaka cha 1971 boma lawo linakhazikitsa kalembedwe ka zinenero zisanu ndi chimodzi za m'dzikomo, kuphatikizapo Chiwolofu ndi Chiserere, komabe Chifalansa chinakhalabe chinenero chophunzitsira m'sukulu. Cheikh Anta Diop ndi Ousmane Sembène anatsutsana nawo kwambiri pa nkhani ya zinenero. Filimu ya Sembène yotchedwa Ceddo inaletsedwa ku Senegal, ndipo chifukwa chimene boma linapereka chinali chakuti dzinalo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Ife tikuona kuti apa mphunzitsi wa galamala uja anagwiritsa cholembera chofiira pamalo posayenera.

Mkangano womwewu sunatiphonye ife. Chicheŵa chinakhala chinenero cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo ana a makalasi oyambirira ankaphunzira m'chinenerocho. Mu 1981 Kamuzu Academy inatsekulidwa ku Mtunthama, pa mseu wochokera ku Kasungu kudza ku Malomo, ndi maphunziro a Chilatini ndi Chigiriki onga amene a Senghor analeredwa nawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Tsono mwana wa Sitandade 1 ku Malomo amafika ndi maina a mitengo ndi mbalame za kwawo m'mutu, ndipo zili kwa ife kuyambira pa zimenezo kapena kuzinyalanyaza.

Mu 1983 a Senghor anasankhidwa kuloŵa m'bungwe la Académie française, limene limayang'anira chinenero cha Chifalansa, Mwafirika woyamba kulandira ulemu umenewu. Anamwalira pa 20 December 2001 ku Verson, m'chigawo cha Normandy, ali ndi zaka 95, ndipo anaikidwa m'manda ku Dakar.