Blandina Woyera, Kapolo wa ku Lyon

Mwa maina amene makolo amasankhira ana ao akazi pa ubatizo kuno ku Salima, la Blandina silimveka kawirikawiri. Licokera ku liu la Cilatini lakuti blandus, ndiko kunena wofatsa, wokoma m'kalankhulidwe. Amene analichukitsa ndiye mkazi wina, kapolo wa ku Lyon, mudzi waukuru wa dziko la Gaul, limene lero tilicha France.

M'caka ca 177, Marcus Aurelius ali Kaisara wa Aroma, anthu a ku Lyon anaukira Akristu. Anawaletsa kufika kumsika ndi kosambira, nawanamizira kuti amadya nyama ya anthu, monga kwathu kuno anenera mfiti. Ambiri anagwidwa, mmodzi wa iwo ndiye Episkopi Pothinus, nkhalamba ya zaka zoposa 90, amene anafera m'ndende atagonamo masiku awiri. Blandina anagwidwa pamodzi ndi mbuye wace wamkazi, nayenso Mkristu. Ena ngati khumi atakana Ambuye ndi mantha, abale anada nkhawa ndi Blandina, pakuti anali wofooka thupi.

Koma anamzunza kuyambira m'mawa kufikira madzulo molandizana, mpaka ozunzawo anatopa okha, nazizwa kuti akali moyo. Iye sanayankhe kanthu kena, koma kuti ali Mkristu, ndi kuti pakati pao sipacitika coipa. Pambuyo pace anampacika pamtengo m'bwalo la masewera kuti zirombo zimdye, koma sizinamkhudze. Ndipo anzace, pomuona alikupemphera pamtengopo, anakumbukira Ambuye pamtanda, nalimba mtima.

Tsiku lotsiriza analowa m'bwalo ndi Ponticus, mnyamata wa zaka ngati 15, namlimbikitsa monga mai kufikira mwanayo anatsirizika. Pamenepo anamkwapula Blandina, namkhazika pa mpando wacitsulo wamoto, namkulunga mu ukonde monga nsomba, namponyera ng'ombe yamphongo, imene inamnyanyula kambiri; potsiriza anamupha ndi lupanga. Mwa onse anafa m'bwalomo, iye ndiye wotsiriza. Mitembo anaisiya pamtetete masiku 6, naitentha, nataya phulusa mu mtsinje wa Rhône, poyesa kuti atero nathetsa ciyembekezo ca kuuka kwa akufa. Akristu otsala analembera kalata abale a ku Asia ndi Phrygia, ndipo Eusebius anaisunga m'buku lace la mbiri ya Eklezia.

Ife a m'mbali mwa nyanja, ukapolo tiudziwa. Kufikira zaka za m'ma 1890, zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinaolotsa makolo athu, kunka nao kumisika ya kugombe la kum'mawa, ndipo maina ao anatayika panjira. Blandina anali wa mtundu wa anthu otere, osawerengedwa pamilandu, ogulidwa ngati mbuzi. Koma dzina lace lakumbukika zaka zoposa 1,800, ndipo Eklezia amlemekeza pa 2 Juni caka ndi caka.

Cifukwa cace, inu makolo, pomucha mwana Blandina, mumuuzenso mbiri ya mwini dzina. Adziwe kuti kufatsa si mantha ai, ndi kuti Mulungu amasankha onyozeka a dziko lapansi kuti acititse manyazi amphamvu.