Dr. Donald Fraser, Chisekeseke wa ku Loudon, ndi Nyimbo za Eklesia

Pokumbukira atumiki a Mulungu amene anagwira nchito m'munda uno wa Livingstonia, sitingathe kupitirira dzina la Dr. Donald Fraser, angakhale sanakhale mbusa wa ife a ku Bandawe. Nchito yache inali kumapiri, kwa Angoni. Koma nyimbo zimene zinabadwa m'masiku ache zinatsika kufikira kunyanja kuno, ndipo tiyenera kudziwa umo zinadzera.

Iye anabadwa m'chaka cha 1870 ku Lochgilphead, m'dziko la Scotland, mwana wa mbusa. Anaphunzira ku Glasgow, nakhala mtsogoleri wa anyamata a m'masukulu akuru amene anadzipereka kunka ndi Uthenga Wabwino ku maiko akutali. Anafika m'dziko muno kumapeto a chaka cha 1896, natumidwa ku Ekwendeni. Angoni anamutcha Chisekeseke, pakuti nkhope yache inali yosekerera.

Tsono tikumbuke kuti Angoni anali yani kwa makolo athu. M'zaka za m'ma 1870 Atonga ambiri anathawa ukapolo wa kumapiri, nabisala m'malinga a kunyanja. Ndipo nkhondo ya Angoni inawalondola kufikira ku linga la Mankhambira pa Chintheche, kumene inagonjetsedwa. Pamene Dr. Laws anasamutsa Misyoni kuchokera ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'chaka cha 1881, anapeza anthu akali ndi mantha. Kuchokera kuno William Koyi anakwera kukakhala ku Njuyu m'chaka cha 1882, ndipo Dr. Elmslie anamtsata m'chaka cha 1885. Masiku amenewo munthu wa kunyanja akamva ingoma ya Angoni, ndi kugunda kwa mapazi ndi zishango, sanaiyese nyimbo yokondweretsa ai.

Amisyoni oyamba anadza ndi nyimbo za kwao: Masalmo a ku Scotland ndi nyimbo za Sankey, zimene anaziphunzitsa m'masukulu ndi doh, re, mi. Zambiri ziri zokoma, ndipo tizikonda kufikira lero. Koma panali bvuto limene mphunzitsi ali yense woyambitsa nyimbo alidziwa. Mau athu alemera pa mphatikizo wotsatana ndi wotsiriza, pamene maimbidwe a Chingerezi kawirikawiri agwera pa wotsiriza weniweniwo. Chotero mau amapotoka, ndipo nkhalamba zinangoyang'ana pansi, ana a sukulu okha ali kuimba.

Dr. Fraser anaona ichi. M'chaka cha 1898 anaitanitsa msonkhano waukuru wa Mgonero ku Ekwendeni, wonga misonkhano ya kumapiri a kwao; panasonkhana anthu ngati 4,000, ndipo akuru 195 anabatizidwa. Khamu lotere silikadaimba ndi mabuku. Atasamukira ku Hora, ndi pambuyo pache ku Loudon m'chaka cha 1902, analimbikitsa aphunzitsi kupeka nyimbo zao, naika mpikisano wa nyimbo, kuti masukulu a kumidzi adze nazo zatsopano. Opekawo anatenga maimbidwe a ingoma, a nkhondo, a ukwati ndi a kutamanda mafumu, naikapo mau a Kristu. Mmodzi ayamba, khamu libvomera, monga mwa makolo. Ndipo nkhalamba zija zinakweza mitu.

Si onse anakondwera nacho. Amisyoni ena anaopa kuti maimbidwe akale adzakokera mitima ku zakale zomwe, ndipo mantha awo sanali opanda pache, Dr. Fraser mwini anakana magule ena, nalola ena. Koma amene ayesa kuti nyimbo ya Eklesia iyenera kubadwira m'kachisi mokha asanthule mbiri ya Azungu eni. Johann Sebastian Bach, wa ku Germany, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1685 kufikira 1750, ndiye tate wa oimba a Chikristu a kumeneko. Ali mnyamata, m'chaka cha 1703, analembedwa nchito ku Weimar yoimba vayolini, ndiye kaligo wa Azungu wa nsambo zinai, wokwecha ndi uta monga wathu wa nsambo imodzi. M'nyimbo yache yaikuru ya masauko a Ambuye monga anawalembera Mateyu, muli maimbidwe amodzi amene abwera kasanu, ndipo anthu alira powamva. Komatu maimbidwe amenewo anawapeka Hans Leo Hassler m'chaka cha 1601, ndipo poyamba inali nyimbo ya mnyamata wosauka mtima chifukwa cha namwali. Chimene anachita Akristu a ku Germany ndicho chimene anachita Angoni.

Tinene poyera kuti ulemu wa kupeka suli wa Dr. Fraser. Iye anatsegula khomo. Olowamo ndiwo Mawelera Tembo, amene anabatizidwa pamodzi ndi mbale wache Makara ku Njuyu m'chaka cha 1890, oyamba a m'dziko la Angoni. Ndi Peter Thole, ndi Charles Chinula, ndi Hezekiya Tweya, ndi Jonathan Chirwa. Awiri otsirizawa anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1914 pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi wa kwathu kuno, abusa oyamba a dziko lino m'Misyoni yathu, atadikira zaka zochuruka kopambana muyeso. Chinula anapatukana ndi Misyoni pambuyo pache, koma nyimbo zache zinatsala m'buku la Sumu za Ukristu, pakuti anthu sakadalola kuzitaya.

Dr. Fraser anakwatira Dr. Agnes Robson m'chaka cha 1901, amene anachiritsa odwala ku Loudon. Anasankhidwa kukhala Mtsogoleri wa Eklesia wa kwao m'chaka cha 1922, nachoka m'dziko muno m'chaka cha 1925, kukayang'anira nchito ya Misyoni ali ku Scotland. Anamwalira m'chaka cha 1933. Mkazi wache anabwera nalo phulusa lache, naliika m'manda ku Loudon, ndiko ku Embangweni. Ndipo Jonathan Chirwa agona pambali pache.