Richard Tsimba, dayamondi wakuda wa rugby ya ku Zimbabwe

Pa 19 July 2025, mumzinda wa Kampala ku Uganda, timu ya rugby ya dziko la Zimbabwe idagonjetsa Namibia ndi mapointi 30 kwa 28. Ambirife nkhaniyi idatidutsa, poti kwathu kuno tikamati mpira timanena wamiyendo ndi wamanja basi. Koma kwa anansi athuwa lidali tsiku lalikulu. Chipambanocho chidawapatsa malo mumpikisano wa World Cup wa 2027 ku Australia, komwe adapondako komaliza mu 1991. Ndiye pamene a Sables, dzina lomwe kwathu kuno tingati mphalapala, akukonzekera ulendowu, ndi bwino tikumbuke munthu yemwe adayamba kuwadziwitsa kudziko lonse. Dzina lake ndi Richard Tsimba.

Tsimba adabadwa pa 9 July 1965 mumzinda wa Salisbury, womwe lero ndi Harare. Patangotha miyezi inayi, boma la azungu la Ian Smith lidalengeza kuti ladzichotsa pansi pa Britain, ndipo mwanayu adakulira m'dziko lomwe khungu ndilo linkanena sukulu yomwe upite, dera lomwe ugone ngakhalenso masewero omwe usewere. Rugby idali ya azungu. Timu ya Rhodesia idali ndi mbiri ndithu, moti mu 1949 idagonjetsa New Zealand 10 kwa 8 ku Bulawayo, koma munthu wakuda sankalota n'komwe zovala yunifolomu imeneyo.

Ufulu utabwera mu 1980, makomo adayamba kutseguka pang'onopang'ono. Tsimba adaphunzira pa Peterhouse, sukulu yogonera pompo ya kufupi ndi Marondera, imodzi mwa sukulu zomwe rugby idazika mizu kalekale. Ankasewera pakati, malo ofuna munthu wa liwiro, wodziwa kuzemba komanso wosaopa kugundana ndi zimphona. Luso lake lidamufikitsa mutimu ya dziko, ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kuimira Zimbabwe pa rugby. Anthu adamupatsa dzina loti Black Diamond, kutanthauza dayamondi wakuda.

Mwayi waukulu udabwera mu 1987, pamene New Zealand ndi Australia adachititsa World Cup yoyamba. Nthawi imeneyo kudalibe ndime zachipulula. Matimu 16 adachita kuitanidwa. South Africa, yomwe idali katswiri wa rugby mu Africa muno, idatsala kaamba ka tsankho la apartheid, motero Zimbabwe ndiyo idanyamula mbendera ya Africa yonse. Tsimba adali ndi zaka 21 zokha.

Pa 23 May chaka chimenecho, Zimbabwe idakumana ndi Romania pabwalo la Eden Park mumzinda wa Auckland. Romania siidali timu yamasewera, idali itagonjetsapo France, Wales ndi Scotland m'zaka za m'mbuyomo. Kwa amene simuitsata rugby, chigoli chachikulu amachitcha try, ndipo chimabwera wosewera akakhudzitsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani. Tsiku limenelo Tsimba adagoletsa ma try awiri. Yachiwiriyo ndiyo anthu amaikumbukabe: adathyola pakati pa otchinga a Romania, kuwasiya akugwira mphepo, kenako n'kudziponya m'malere podutsa mzere. Tsoka ilo, potera adavulala phewa ndipo adatuluka m'bwalo. Zimbabwe, yomwe inkatsogola, idayamba kubwerera m'mbuyo, mapeto ake n'kugonja 21 kwa 20. Pointi imodzi yokha, abale.

Masewero otsatira adaonetsa kutalika kwa mtunda. Scotland idawathira 60 kwa 21, France 70 kwa 12. Tsimba adakasewerako kukalabu ina ku America, koma mu 1991 adabwereranso ku World Cup, ulendo uno Zimbabwe itachita kudzipezera yokha malo pogonjetsa anzake a mu Africa. Zinthu sizidasinthe kwenikweni. Ireland idapambana 55 kwa 11, Scotland 51 kwa 12, ndipo ku Belfast timu ya Japan idawakwapula 52 kwa 8. Pamasewero a Japan amenewa Tsimba adagoletsanso try, yachitatu komanso yomaliza yake pa World Cup.

Apa ndi pomwe ine ndimaima n'kuganiza. Tsiku limenelo ku Belfast kudakumana matimu awiri ongoyamba kumene, onse osawerengeredwa. Kwa Japan, kumeneko kudali kupambana koyamba pa World Cup, ndipo idadikira zaka 24 kuti ipambanenso. Pakatipo idaona zakuda, mpaka mu 1995 New Zealand idaithira 145 kwa 17. Koma Japan siidaphonyepo World Cup ngakhale imodzi. Makampani akuluakulu monga Toshiba ndi Suntory adali ndi matimu awoawo, mayunivesite ankasula osewera chaka ndi chaka. Zipatso zake tidaziona mu 2015 pamene idagonjetsa South Africa 34 kwa 32 ku Brighton, ndi mu 2019 pamene idachititsa mpikisanowu n'kufika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu.

Nanga Zimbabwe? Malo a 1995 adatengedwa ndi Ivory Coast, ndipo kuyambira 1999 mpaka 2023 ankapita ndi a Namibia. Sikuti luso lidatha ayi. Rugby itasanduka ntchito yolipidwa mu 1995, wosewera aliyense wabwino adayamba kuyang'ana komwe kuli ndalama, ndipo chuma cha Zimbabwe chitagwedezeka, ana a kumeneko adakakometsa matimu a eni. Tendai Mtawarira, yemwe naye adadutsa pa Peterhouse, adatenga World Cup mu 2019 atavala yunifolomu ya South Africa. David Pocock, yemwe adakulira ku Gweru, adakakhala kaputeni wa Australia. Tingawanene? Munthu amapita komwe thukuta lake limudyetse.

Tsimba sadazione zonsezi. Adamwalira pangozi ya galimoto pa 30 April 2000 ali ndi zaka 34. Ambiri a msinkhu wanga tidali tisanabadwe, ena tikukwawa. Mng'ono wake Kennedy Tsimba adapitiriza dzina la banjali, adatchuka kwambiri ku Free State Cheetahs ku South Africa ndipo adatsogolerapo timu ya Zimbabwe. Mu 2012 bungwe loyendetsa rugby padziko lonse lidalemba abale awiriwa m'kaundula wake wa akatswiri osaiwalika.

Moyo wa Tsimba ukutiphunzitsa kuti kuitanidwa kuphwando ndi kwina, kukhala ndi mpando wako ndi kwinanso. Munthu m'modzi waluso atha kudzidzimutsa dziko kwa mphindi 80, koma mutu umodzi susenza denga. Timu yongokumana ndi akuluakulu kamodzi pa zaka zinayi singakule, ingopita kukawerenga zigoli. Aliyense wotsata ma Flames kapena ma Queens akudziwa zomwe ndikunena: kukonzekera kwa masabata awiri, ndalama zobwera mochedwa, kenako tonse n'kumadabwa kuti zavuta pati.

N'zoona kuti zinthu zikusuntha. World Cup ya 2027 ikhala ndi matimu 24 m'malo mwa 20, ndipo matimu monga Georgia, Portugal, Uruguay ndi Chile aonetsa kale kuti ang'onoang'ono akapatsidwa mpata amaluma. Koma kuchulukitsa mipando pakokha sikokwanira. Funso lenileni ndi lakuti, pakati pa World Cup imodzi ndi inzake, a Sables azisewera ndi yani, azilipidwa ndi yani, ndipo mwana wa ku Mbare kapena ku Makokoba yemwe makolo ake sangakwanitse fizi ya pa Peterhouse augwira liti mpirawu?

Zimbabwe sidapambanepo masewero ngakhale amodzi pa World Cup. Pomwe idafika pafupi kwambiri ndi tsiku lija la ku Eden Park, mnyamata wa zaka 21 atatuluka m'bwalo atagwira phewa. Anyamata omwe akupita ku Australia ali ndi ngongole ya pointi imodzi imeneyo, ndipo ife anansi tidzakhala tikuonerera.